Ndege Yomwe Inadutsa pa Mudzi wa Amayi

Rodrick Kampira ankaikonda ndegeyo, ndipo chimenechi n'chomwe chinadzamupweteka kwambiri pambuyo pake.

Kampani yoyeretsa m'maofesi yomwe inamubweretsa ku Dubai inamutumiza kukagwira ntchito ku chishedi china ku Dubai Investments Park, pakati pa fakitale ya matailosi ndi nyumba zosungiramo katundu. Mwini shediyo anali Bwana Nuno, Mpwitikizi wogulitsa zipangizo za m'mahotela. Katundu wa bizinesi ankangodzaza mbali imodzi. Mbali inayo kunali ndege yakale yankhondo ya mipando iwiri yotsatizana, mphuno yake yonenepa ngati mgolo italoza kudenga, mchira uli pansi. Bwana Nuno ankati dzina lake ndi Harvard, mtundu wa ndege zomwe zinapangidwa kalekale kuti asilikali aziphunzirira kuuluka. Anaigula ili zidutswazidutswa n'kuibweretsa m'makontena, ndipo makanika wa ku Pakistan, dzina lake Javed, ndiye ankailumikiza pang'onopang'ono.

Korona itavuta mu 2020, mzinda n'kutsekedwa, Bwana Nuno anapempha kampani kuti Rodrick azigona kushedi konko, m'kachipinda kamodzi ndi Rogers, mlonda wochokera ku Chipata m'dziko la Zambia. Rodrick anakondwa. Kunyumba za kampani anthu ankagona mothithikana, ndipo ena anali atayamba kale kutsokomola.

Ntchito yake inali kupukuta. Fumbi la m'chipululu limalowa ngakhale potseka, ndiye m'mawa uliwonse ankayambira kumphuno n'kukathera kumchira. Pansi pa mapiko panali tizitsulo tangowe tolendewera, timene nsalu sinkafikamo bwino, moti ankatitsuka ndi mswachi mpaka titawala. Javed atapaka mtanda wofiira m'mbali mwa ndegeyo, Rodrick anangoganiza kuti inali yonyamula odwala, ndipo ndi mmene anauzira anzake pa WhatsApp powatumizira zithunzi ataimirira pafupi ndi phiko, manja m'chiuno.

Mahotela anali otseka, choncho Bwana Nuno analibe wogula. Malamulo atangofewa pang'ono anayamba kuswera kushediko, masiki ili pachibwano, akulondola Javed paliponse. Tsiku lina Javed anapukuta manja n'kunena kuti injini yatheka, ikhoza kulizidwa.

Ndegeyo anaikankhira pabwalo m'mawa dzuwa lisanapse. Rodrick anaimba foni yavidiyo kwawo ku Thambani, m'boma la Mwanza. Anayankha ndi Stellah, mlongo wake wamng'ono.

"Aitane amayi, Stellah. Aone ntchito imene ndimagwira kuno. Amangoganiza kuti ndimakolopa zimbudzi basi."

Amayi awo, a Nachisale, anabwera n'kukhala pamkeka pakhonde. Anali mayi wochepa mawu, wa dzanja lamanzere louma, ndi chipsera chachikulu choyambira paphewa mpaka pamsana. Ana awo ankadziwa kuti anachokera ku Mozambique ali mtsikana, ndipo za chipseracho ankangoti unali moto wa m'tchire.

"Wanenepa, iwe," anatero a Nachisale, akusuzumira pafoni. "Matendawo sanakupeze?"

"Ndili bwino, amayi. Taonani ichi."

Anatembenuza foni. Nthawi yomweyo Javed anakuwa kuti aliyense atalikire, chopukusa cha kumphuno chinazungulira kawiri, injini inatsokomola utsi, kenako inabangula. Linali phokoso lokhadzula, ngati munthu akung'amba malata, lomveka mpaka m'mano. Bwana Nuno ankalumphalumpha ngati mwana. Rodrick nayenso ankaseka. Atayang'ana pafoni anangoona denga laudzu, kenako dothi, kenako mapazi a Stellah akuthamanga. Anaika foni kukhutu. Kupyola phokoso la ndege anamva mawu a amayi ake, mawu amene sanawamvepo chibadwire, akukuwa dzina limodzi mobwerezabwereza.

"Zuze! Zuze! Zuze!"

Foni inaduka.

Stellah anaimbanso dzuwa litapendeka, ndipo sanapereke n'komwe moni.

"Achimwene, mwawachita chiyani amayi? Tawatulutsa pansi pa nkhokwe, akwawira kumeneko ngati mwana. Adzikodzera. Mukumva? Amayi anu adzikodzera pamaso pa adzukulu. BP yakwera, kuchipatala atibweza ati malo ndi a odwala korona. Chinthu chanucho n'chiyani?"

"Ndi ndege chabe, Stellah. Zuze ndi ndani?"

"Muwafunse nokha. Ine sakundiyankha."

Panapita masiku a Nachisale akukana foni. Rodrick ankapukutabe ndegeyo, koma mtima uli m'malere. Lamlungu masana anavomera kulankhula naye, atauza Stellah kuti azimitse vidiyo.

"Ndege ija ili ndi mtanda wofiira," anatero.

"Eya, amayi. Inali ya odwala."

"Ya odwala?" Anaseka kuseka kowawa. "Wakuuza ndani? Mtandawo n'chizindikiro cha asilikali a Chipwitikizi. Ine ndinaiona ili pamwamba pa mutu wanga, iwe. Zinali ziwiri. Mudzi wathu unali kuseri kwa Zobwe, nthawi ya nkhondo ya Apwitikizi. Ankati timadyetsa zigawenga. Agogo ako anapita kumtsinje, ine n'kundisiyira Zuze, mlongo wanga wotsiriza. Anali asanayambe kuyenda. Ndinamubereka. Zinabwera chotsika, zikulira momwe munalizira muja. Zinaponya moto womata, wosazima ngakhale ugubuduke m'madzi. Ndinathamanga. Moto unandipeza kumbuyo. Kumbuyo kwangako kunali ndani, Rodrick?"

A Nachisale anapitiriza.

"Iye ndiye anapsa m'malo mwa ine. Ndinayenda naye choncho, ndisakudziwa. Agogo ako atatipeza anamasula nsalu, khungu langa n'kupita limodzi ndi nsaluyo. Tinamuika pafupi ndi kamtsinje tikuthawira kuno. Ndi umenewo moto wa m'tchire umene ndinkakuuzani. Tsopano iwe mwana wanga wakwera ulendo wonsewo kukatsuka chinthu chimenecho?"

"Sindinkadziwa, amayi."

"Ndamva. Koma usandiimbirenso uli pafupi nacho."

Rodrick anatuluka m'kachipinda kaja n'kupita pomwe Javed ankamanga mawaya. Analoza tizitsulo tija ta pansi pa mapiko.

"Iti n'ta chiyani?"

Javed anayang'ana, n'kupitiriza ntchito yake. "N'tokolekapo mabomba. Ito ta kumapetoto n'ta maroketi. Bwana anavutika kuti atipeze, tinachokera kutali."

"Si ndege yophunzirira iyi?"

"Poyamba, eya. Kenako anaipatsa mano. Bambo ake a bwana ankauluka nayo imene ino ku Africa, malo otchedwa Tete. N'chifukwa chake anaisakasaka. Bwanji, bhai, m'bale wanga, wadwala?"

Rodrick anayang'ana zala zake. M'zikhadabo munali mukadali polishi. Anapita kumpopi n'kuzikhula ndi sopo wochapira pansi mpaka khungu linasupuka, koma fungo silinachoke.

Rogers anamupeza pompo. Atamva nkhani yonse anagwedeza mutu.

"Mudala, ni zoipa izi, nakumvela. Koma manje osachita vaupuba, vopusa. Kuno si kwatu. Ukagwila chintu cha bwana, ni jele, viza yasila. Meza chabe."

"Ndimeze? Ndakhala ndikutsuka ndi mswachi pokolekera bomba lomwe linaotcha amalume anga."

"Sudziwa ngati ni yamene iyi. Wakamba weka ati zenze ziwili."

"Ndiye ndikafunse iti? Inayo ili kuti?"

Mawa lake Bwana Nuno anafika atanyamula tabuleti yoimbira foni yavidiyo ndi chikwangwani chamkuwa chokulungidwa m'pepala. Anali wosangalala. Linali tsiku lobadwa la bambo ake, omwe ankakhala kunyumba yosungira okalamba ku Portugal, yotsekedwa chifukwa cha korona moti ngakhale abale sankalowa. Anavundukula chikwangwanicho n'kuchiimika pa sitandi kutsogolo kwa ndege. Panalembedwa dzina la ndegeyo, chaka chomwe inapangidwa, mawu oti inali yophunzitsira, ndi dzina la bambo ake m'zilembo zikuluzikulu.

"Rodrick, gwira tabuleti," anatero m'Chingerezi. "Uyende nayo pang'onopang'ono kuzungulira ndege. Ine ndikwera pampando kuti andione ndili pomwe ankakhala. Yalla, tiye."

Rodrick anailandira. Pagalasi panali nkhalamba yowonda, yopanda mano, itafunda bulangete pa njinga ya olumala, namwino wovala masiki ataima kumbuyo kwake. Itaona ndegeyo inayamba kugwetsa misozi, ikutambasula dzanja ngati ikufuna kukhudza phiko. Bwana Nuno, ali pampando paja, ankakuwa mawu achikondi m'Chipwitikizi.

Rodrick anayenda mpaka pansi pa phiko, n'kulozetsa tabuleti pa tizitsulo tija. Kenako anaitembenuza kuti nkhalambayo ione nkhope yake. Anatsitsa masiki.

"Tete," anatero. "Zobwe."

Nkhope ya nkhalambayo inawala. Inamwetulira nkhama zokhazokha, n'kukweza chala ngati mwana wasukulu amene wakumbukira yankho.

"Tete! Muri buanji? Muri buanji, rapaz?" inatero, kumutchula kuti mnyamata m'Chipwitikizi.

Apa ndi pomwe mtima wa Rodrick unaphulika.

"Mukufunsa kuti tili bwanji? Inu? Mpaka moni wathu munaphunzira! Munkapereka moni kwa ndani, poti anthu ake munkawaotcha? Amayi anga dzanja silitambasuka. Mwana anapsera kumsana kwawo, mwana wosayenda n'komwe. Inu mwakalamba, akukufunditsani bulangete, akukuimbirani nyimbo ya tsiku lobadwa. Zuze tsiku lake lobadwa anamuimbira ndani?"

Ankalankhula m'Chichewa, mokuwa, malovu akugwera pagalasi. Nkhalambayo sinamve mawu, koma kumwetulira kunazilala. Namwino anawerama n'kudula foni.

Bwana Nuno anatsika pandege mothamanga n'kulanda tabuleti.

"Wapenga? Munthu wodwala, wokalamba, tsiku lake lobadwa! Wamunena chiyani?"

Rodrick anamuuza m'Chingerezi, mosakometsera. Anamuuza za mudzi, za ndege ziwiri, za nsalu yomwe inachoka ndi khungu. Bwana Nuno anafiira, kenako anatuwa.

"Pepani za amayi ako," anatero. "Koma inali nkhondo. Bambo anga anali mnyamata, ankangotumidwa. Ndipo iwe sungadziwe kuti anali iwo. Ndege zoterezi zinali zambiri."

"Afunseni."

"Sindingawafunse zimenezo. Ndege ndi chitsulo, Rodrick, ilibe mlandu. Ine ndikusunga mbiri. Pakapanda anthu ngati ine, zinthu izi zikadasungunulidwa kale, palibe akanadziwa kuti zinaliko."

"Mbiri ya ndani? Mwasunga chilichonse, mpaka pokolekera mabomba. Mwaika makina oziziritsa kuti isachite dzimbiri, pamene ine ndi Rogers timagona ndi fani yothyoka. Ndiye pachikwangwani mwalemba kuti yophunzitsira. Inaphunzitsa chiyani ku Zobwe? Ngati mukusunga mbiri, lembani zomwe inachita. Lembani kuti inkaotcha midzi."

"Pansi pa dzina la bambo anga? Ayi."

Pa tebulo la Javed panali hamala. Rodrick sanadziwe kuti waitola liti. Anangozindikira ili m'manja, akuyenda kulunjika ku galasi la pampando wa woyendetsa. Rogers anamugwira chakumbuyo, manja onse awiri, n'kumunyamula pang'ono.

"Siya, mudala! Siya! Amai bako bazakuona kuti ukankala mu jele? Ganiza Stellah. Siya!"

Analimbana mpaka hamala inagwa pasimenti. Javed anaiponda ndi phazi n'kuikankhira pansi pa tebulo.

"Khalas, basi zatha," anatero Bwana Nuno. "Sindiitana apolisi. Koma tenga katundu wako. Sindikufuna kukuonanso pano."

"Ngakhale mukanandigwadira, sindikanaikhudzanso."

Kampani sinamuchotse ntchito, chifukwa nthawi imeneyo inkasowa anthu opopera mankhwala ophera tizilombo. Supavaiza anamukalipira, n'kumuika m'gulu lopopera ku Deira, dera lina la mzindawo. Ankayenda ndi thanki kumsana, atavala ovolosi yoyera yosapitisa mphepo, kupopera zitseko za mashopu, mabenchi ndi zogwirira za pamalo okwerera maboti a abra. Thukuta linkadzaza m'magambuti. Zithunzi zonse za ndege ija anazifufuta, koma mkwiyo sunafufutike. Ankakwiyira Bwana Nuno, ankakwiyira nkhalamba ija ndi moni wake, ankakwiyira Rogers pomugwira, ndipo koposa onse ankadzikwiyira yekha pokumbukira momwe ankaimirira manja m'chiuno pafupi ndi phiko. A Nachisale anayamba kupeza bwino, koma Stellah ankati njinga yamoto ikadutsa pamsewu ankasiya chilichonse chomwe agwira.

Chaka chotsatira chitangoyamba, masana ena akupuma pamthunzi pafupi ndi madzi, anaona munthu wovala masiki akubwera molunjika kwa iye. Anali Bwana Nuno, ataonda, ndevu zosameta. Anati kampani ndiyo inamuuza komwe angamupeze.

"Bambo anga anamwalira," anatero. "Korona inalowa m'nyumba ija. Sindinapite kumaliro, ndinaonera pafoni."

Rodrick sanapepese.

"Ndinawafunsa asanadwale. Ndinawafunsa za midzi. Anati munthu ukakhala m'mwamba suona anthu, umangoona madenga. Sananenenso china."

"Ndiye mukufuna chiyani kwa ine?"

"Dzina la mwana uja. Ndikufuna ndililembe pachikwangwani, m'munsi. Chikumbutso."

"Mulemba kuti anafa bwanji?"

Bwana Nuno anayang'ana kumadzi. "Ndilemba kuti pokumbukira onse amene anavutika pankhondo."

"Dzinalo si langa," anatero Rodrick. "Lili ndi mwini wake. Dikirani."

Anaimba kwawo pomwepo, n'kupempha Stellah kuti apereke foni kwa amayi. Anawafotokozera zonse, Bwana Nuno ataima poteropo, manja atapinda kutsogolo.

"Munthuyo anafa atakalamba?" anafunsa a Nachisale.

"Atakalamba kwambiri, amayi. Anafera pabedi."

Anatsonya. "Ndiye mwana wakeyo akufuna Zuze akagonenso pansi pa ndege imene ija? Kachiwiri? Anthu azibwera kudzajambulitsa, dzina la mwana wa amayi anga lili kumapazi kwawo? Muuze ayi. Wathuyo timukumbukira tokha, sitinapemphe thandizo. Ngati dzanja likumuyabwa kulemba, alembe za bambo ake, zimene anachita. Zimenezo ndiye zake."

Rodrick anamasulira mawu onse, osasiyapo ngakhale amodzi. Bwana Nuno anamvetsera mpaka kumapeto.

"Zimenezo sindingathe," anatero motsitsa. "Anali bambo anga. Ankandinyamula paphewa."

"Ndiye mwabwereranji? Mukufuna tikupatseni dzina kuti inu muzigona tulo? Pitani, bwana. Pano tikupopera, mankhwalawa amayabwa m'maso."

Anakoleka thanki kumsana n'kuyamba kupopera benchi yomwe inali pakati pawo, mpaka Bwana Nuno anabwerera m'mbuyo n'kutembenuka.

Patapita nthawi Rogers anamuimbira n'kumuuza kuti chikwangwani chija chinachotsedwa, ndipo palibe china chinaikidwa m'malo mwake. Ndegeyo inali ikadali mushedi, yowala, wopukuta wake tsopano ali mnyamata wa ku Nepal. Bwana Nuno ankabwerabe, koma injini sanailizenso. Rodrick anati zimenezo sizikumukhudza, n'kufunsa za ana a Rogers.

Maulendo atayambanso kuyenda bwino, a Nachisale anadzidzimutsa banja lonse. Anauza Stellah kuti awaperekeze kutsidya kwa malire, komwe anali asanapondeko chithawireni. Anakwera minibasi mpaka ku Zobwe, kenako njinga zakabaza, akufunsa anthu okalamba m'njira. Mudzi sanaupeze. Pomwe ankaganiza kuti unali panali minda ya chimanga ya anthu osawadziwa. Timitsinje tinalipo titatu, tonse tofanana, ndipo sanathe kunena kuti Zuze anagona pafupi ndi kati.

Stellah ndiye anamufotokozera Rodrick pafoni.

"Achimwene, ine ndimayesa alira. Ndinatenga ndi kansalu komwe. Koma ayi. Anaima pakati pa munda wa eni ake, n'kuyang'ana kumwamba, n'kuyamba kutukwana. Amayi athu omwewa, a Mvano. Mawu ena sindinawamvepo, a chilankhulo cha kwawo. Anatukwana ndege, anatukwana oyendetsa, anatukwana amene anawatuma, mpaka mwini munda anabwera ndi khasu kudzaona. Atamva zomwe amanena anavula chipewa."

"Kenako?"

"Kenako mawu anawathera. Anapempha madzi, mwini munda anakatunga, anamwa. Ndiye anati tiyeni, tingasiyidwe ndi minibasi."